Ulemerero wa Chiponde Chopanda Shuga

Pakati pa zakudya zonse zimene zalowa m'makhitchini a Amalawi m'zaka zaposachedwapa, palibe chimene chamanidwa ulemu wake mopanda chilungamo kuposa chiponde chopanda shuga, chomwe ndi mtedza wokazinga, wosinjidwa mpaka kutuluka mafuta, kenako n'kuumbidwa mibulu yoti idyedwe pambuyo pa chakudya m'malo mwa zotsekemera, ngakhale kuti kutsekemerako n'kumene kwachotsedwamo dala. Anthu a ku Masambanjati, kumwera kwa boma la Thyolo, ali pabwino kuposa ena onse pomvetsa ukulu wa chakudyachi, chifukwa dera lawo lili pakati pa tiyi ndi nzimbe: kumtunda kuli minda ya tiyi monga Naming'omba, Conforzi, Makandi ndi Satemwa, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1923, pamene kutsetserekera kuchigwa cha Shire kuli Nchalo, kumene shuga wakhala akupangidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Mbewu ziwirizi zimakumana m'kapu m'mawa uliwonse, choncho munthu amene walimba mtima n'kukana shuga m'dera lotere ayenera kuwerengedwa pamodzi ndi ngwazi, osati kusekedwa kumbali monga momwe alamu ake amachitira.

Maziko a chakudyachi ali m'chiphunzitso chakuti munthu achepetse makabohaidireti, omwe ndi sitalichi ndi shuga, zinthu zimene thupi limagaya n'kuzisandutsa shuga wa m'magazi. Chiphunzitsochi si cha dzulo ayi. M'chaka cha 1863 William Banting, mkulu wa ku London amene ntchito yake inali yokonza maliro a anthu olemekezeka, anasindikiza kabuku kofotokoza mmene anachepetsera thupi lake posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ndipo popeza si kawirikawiri kuti munthu wodyera pa maliro aphunzitse ena njira yochedwetsera imfa, umboni wake uyenera kulandiridwa ndi manja awiri. M'chaka cha 1921 Russell Wilder wa pachipatala cha Mayo ku America anakhwimitsa kadyedwe kameneka pofuna kuthandiza odwala khunyu, ndipo m'chaka cha 2013 buku lotchedwa The Real Meal Revolution, limene mmodzi mwa alembi ake anali Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town, linakafalitsa m'dziko la South Africa, kumene ana ambiri a ku Malawi amakagwira ntchito n'kubwerako ndi zovala, mafoni ndi maganizo atsopano okhudza mbale za makolo awo. Otsatira chiphunzitsochi mosanyengerera amadziikira malire a magalamu 20 mpaka 50 a makabohaidireti pa tsiku lonse.

Malire amenewa akaikidwa pa nthaka ya Masambanjati, kukongola kwake kumaonekera nthawi yomweyo, pakuti amatsekera kunja pafupifupi chilichonse chimene nthakayo imabereka. Mtanda umodzi wabwino wa nsima ungathe kumaliza muyezo wa tsiku lonse dzuwa lisanapendeke. Chinangwa, mbatata, nzimbe, thobwa ndi futali, zomwe ndi mbatata kapena chinangwa chotendera nsinjiro, zonse zagwa m'mlandu womwewo. Ndipo nthochi yakupsa, imene inatchukitsa dzina la Masambanjati m'misika ya Limbe ndi Blantyre, ili ndi magalamu pafupifupi 23 a makabohaidireti pa magalamu 100 alionse, kotero kuti nthochi imodzi yaikulu bwino imadya theka la chilolezo cha munthu wopatsidwa ufulu wochuluka. Pa mfundo ya nthochiyi chiphunzitsochi chinali ndi mtumwi amene anachitsogolera mosadziwa, ndiye matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndipo amapinimbiritsa nthochi n'kuunjika masamba ake pamwamba osabereka mkoko. Matendawa atasesa minda ya Thyolo, alangizi analamula alimi kuzula zitsa zodwala, misika inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique, ndipo mabanja ambiri anachepetsa makabohaidireti awo popanda kuwerenga buku lililonse. Alimiwo sanathokoze, koma nzeru zimene zabwera mosaitanidwa sizikhala ndi oziyamika.

Pamene mbewu zina zonse zatsutsidwa, mtedza umatsala wokha uli chilili. Pa magalamu 100 a mtedza pali mafuta okwana magalamu pafupifupi 49, mapuloteni, omwe ndi chakudya chomanga thupi, okwana magalamu pafupifupi 26, ndipo makabohaidireti ndi magalamu 16 okha, amene theka lake ndi ulusi wosagayika umene umangodutsa m'matumbo osakweza shuga wa m'magazi. Apa ndi pamene pagona chodabwitsa chimene adani a chiponde safuna kuchimva: magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori pafupifupi 570, kalori kukhala muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka, pamene shuga wolemera chimodzimodzi ali ndi makalori osafika 400. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene wathawa shuga poopa kunenepa, n'kumadya mibulu ya chiponde mopanda mantha chifukwa chikumbumtima chake chayera, angathe kunenepa mofulumira kuposa kale, komabe akunenepa mwaulemu ndi motsatira sayansi, zomwe n'zosiyana kotheratu ndi kunenepa kwa mandasi. Ulemuwu umakwera ndi mtunda umene mtedzawo wayenda, pakuti m'boma limene malo aakulu anatengedwa ndi tiyi ndipo banja limalima kachigawo kochepa, mtedza wochuluka sumera pakhomo. Nkhokwe zake zenizeni zili m'chigawo chapakati, ku Mchinji, Lilongwe, Dowa ndi Kasungu, kumene kumalimidwa Chalimbana wa maso aakulu ndi CG7 wofiira, amene anatulutsidwa m'chaka cha 1990 ndipo amadziwika ndi kuchuluka kwa mafuta.

Kapangidwe kake ndi sukulu ya makhalidwe. Mtedza ukasendedwa umakazingidwa m'chiwaya kapena m'phale pa moto wosalilima, ukutakasidwa mosalekeza, chifukwa mtedza wopserera umawawa ndipo m'chakudya chopanda shuga mulibe chobisa kuwawako. Ukazizira umafikisidwa m'manja kuti khungu lichoke, n'kupetedwa m'lichero, kenako n'kulowa mumtondo. Wosinja wosapirira amaima pa nsinjiro, zomwe ndi ufa wotendera ndiwo, koma wofuna chiponde amapitiriza kugwetsa munsi mpaka ufawo utayamba kunyowa ndi mafuta ake omwe, kugwirana, ndi kukakamira kumunsi ngati dothi loumbira mbiya. Pofika apa mapewa atopa ndipo thukuta latsika, kotero kuti chiponde chili m'gulu la zakudya zochepa zimene zimayamba zalanda mphamvu kwa mwini wake zisanamubwezere. Mabuku a kadyedwe a kunja amatchula makina amagetsi ogaya mtedza m'mphindi zowerengeka, koma amenewo amachotsa gawo lokhalo la ntchitoyi limene palibe dokotala angalitsutse.

Mtedzawo usanafike m'chiwaya, uyenera kuyang'anidwa umodziumodzi, ndipo chifukwa chake ndi chuku, nkhungu imene imamera pa mtedza wosauma bwino kapena wowazidwa madzi kuti makoko afewe posenda. Nkhungu imeneyi imapanga poizoni wotchedwa afulatokisini, amene anadziwika pambuyo pa chaka cha 1960 pamene nkhukutembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu amawononga chiwindi, angathe kuyambitsa khansa, sathera pa moto wa m'chiwaya, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtedza wa ku Malawi unatayira misika yake ya ku Ulaya. Choncho wopanga chiponde amakhala pamphasa n'kumataya mtedza uliwonse wofota, wakuda, woboola kapena wosweka, ndipo mulu umene anagula ndi ndalama zowawa umachepa iye akuona. Palibe chakudya china chimene chimaphunzitsa munthu kutaya chuma chake ndi manja ake omwe mofatsa chotere.

Funso lalikulu limatsala lakuti m'malo mwa shuga mulowe chiyani. Uchi sungalowe, chifukwa njuchi sizinamve za Banting ndipo uchi ndi shuga yemweyo. Nthochi yofinya yatsutsidwa kale. Ndipo zotsekemera zopanda makalori, monga sakarini amene Constantin Fahlberg anamutulukira m'chaka cha 1879, kapena siteviya, tsamba lochokera ku Paraguay limene kutsekemera kwake kumasiya kakuwawa kumbuyo kwa lilime, si katundu wa pa okala ya m'mudzi, ndipo zimafuna ulendo wa kutauni umene mtengo wake ungagule shuga wa masabata angapo. Pamwamba pa izi, m'mwezi wa Meyi 2023 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti zotsekemera zoterezi zisagwiritsidwe ntchito ngati njira yochepetsera thupi, ngakhale kuti langizolo silinakhudze anthu amene ali kale ndi matenda a shuga. Chimene chimatsala ndi kamchere pang'ono, ufa wa koko wosasakaniza, ndi peyala lakupsa, chipatso chimene Thyolo sasowa pa nyengo yake ndipo chiphunzitsochi chimachilola chifukwa n'cha mafuta. Zikasakanizidwa n'kuumbidwa, zimatuluka mibulu yakuda, yolemera, yowawirako, imene maonekedwe ake salonjeza kanthu ndipo kakomedwe kake kamasunga lonjezolo mokhulupirika.

Akale anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo za chiponde chopanda shuga n'zambiri. Chimakakamira kumwamba kwa m'kamwa kotero kuti wodya amatanganidwa ndi lilime lake kwa kanthawi, zomwe zimachepetsa miseche pabwalo kuposa ulaliki uliwonse. Ana amene amatha kununkhiza chigumu chobisidwa m'dengu la padenga amachilawa kamodzi n'kuchisiyira akulu ndi ulemu umene sauonetsa pa china chilichonse. Mlendo amayamika, amapukuta pakamwa, ndipo akapatsidwa china amanena kuti wakhuta, motero banja limakwaniritsa mwambo wolandira alendo popanda kuphwasula nkhokwe. Makoswe okha ndiwo amachilemekeza ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake otchera misampha amachidalira. Ngakhale kusakhazikika kwake ndi umboni wa kuona mtima, pakuti chiponde cha m'mabotolo ambiri a m'sitolo chimakhala chosalala chifukwa cha mafuta owumitsidwa, luso limene Joseph Rosefield analiyambitsa ku America m'zaka za m'ma 1920, pamene cha mumtondo chimalekanitsa mafuta ake poyera, ndipo mibulu yake, ikasowa firiji kapena magetsi akazima m'mwezi wa Okutobala, imafewa n'kubwerera ku chikhalidwe chake choyamba mosanyengezera.

Chiponde chotere chili ndi mzere wa makolo umene umafika mpaka m'boma la Thyolo. Ngakhale kuti Marcellus Edson wa ku Canada anapatsidwa umwini wa luso lopera mtedza wokazinga m'chaka cha 1884, amene anachikweza kukhala chakudya cha odwala m'zaka za m'ma 1890 anali John Harvey Kellogg, dokotala wa mpingo wa Seventh-day Adventist ku Battle Creek, yemwe ankachipereka kwa odwala ovutika kutafuna, ndipo ankadana ndi shuga mpaka kukangana ndi mng'ono wake Will pa nkhani yothira shuga m'chakudya cha chimanga chimene awiriwo anayambitsa. Mpingo womwewo unakhazikitsa mishoni yake ku Makwasa m'chaka cha 1902, imene inadzatchedwa Malamulo ndipo chipatala chake chikutumikira anthu a derali mpaka lero. Mayi wa ku Masambanjati amene akusinja mtedza wopanda shuga angathe, atafuna, kunena kuti akutsata mwambo umene unafika m'boma lake Satemwa asanabadwe.

Pali chiponde china chimene dziko lonse limachilemekeza kale, ndicho cha kuchipatala, chopangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, mafuta, mavitamini ndi shuga wambiri, chimene André Briend ndi Michel Lescanne anachipanga ku France m'chaka cha 1996, ndipo Mark Manary anachiyesa pa ana onyentchera ku Malawi asanakhazikitse bungwe la Project Peanut Butter m'chaka cha 2004. Kapaketi kake ka magalamu 92 kamapereka makalori 500, ndipo kadzutsa ana osawerengeka. Motero m'mudzi umodzi mungathe kupezeka mtedza wothiridwa shuga kuti mwana anenepe ndi mtedza wochotsedwa shuga kuti wamkulu aonde, ndipo aliyense mwa awiriwa ali ndi dokotala kumbuyo kwake. Wamkuluyo si wongopeka ayi: kafukufuku wa m'Malawi monse wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a shuga, ndipo kwa iwo mbulu wa chiponde wosakweza shuga wa m'magazi ndi chitonthozo chenicheni pamene anzawo akudya zitumbuwa, mfundo imene nthabwala za alamu sizingaigwetse.

Komabe ntchito yaikulu koposa ya chakudyachi ndi kubwezera ulemu kwa wothyola tiyi, amene pakati pa mwezi, malipiro atatha ndipo timapepala ta shuga ta pa okala titakwera mtengo, wakhala akumwa tiyi wake wosatsekemera ndi kutafuna mtedza wokazinga, akumaganiza kuti umenewo ndi umphawi, osadziwa kuti ku Cape Town ndi ku London kuli anthu ogula mabuku okwera mtengo kuti aphunzire kudya chimodzimodzi. Wokana shuga mwadala amakananso ndi vitamini A amene wakhala akuthiridwa m'shuga wa ku Malawi kuyambira m'chaka cha 2012, zomwe zimasonyeza kuti kudzimana kwake sikuyang'ana nkhope ngakhale ya boma. Chiphunzitsochi chinafika pachimake m'miyezi yoyamba ya chaka cha 2024, pamene shuga anasowa m'masitolo a dziko lino ndipo mtengo wake unakwera kwa ogulitsa a m'misika, kotero kuti aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi mafumu onse anasanduka otsatira Banting popanda wowakakamiza. Ophunzira atsopanowo anali ndi mwayi wonse wozindikira ulemerero wa chiponde chopanda shuga, koma nthawi ya maphunziroyo anaithera pamizere ya m'masitolo, ndipo aliyense amene anafika pakauntala anapempha mapaketi ochuluka kuposa amene wogulitsa ankalola.