Nduna ya zaumoyo ya pamdadada

Matendawa atangomveka, ife a ku Marapodi mu Lusaka tinagwirizana mwachangu kuti korona ndi nthenda ya anthu a pasipoti. Umboni tinali nawo. Pa 18 Malichi 2020 a Chitalu Chilufya, nduna ya zaumoyo panthawiyo, analengeza kuti m'Zambia mwapezeka odwala awiri oyamba, mwamuna ndi mkazi wake, amene anapita ku France kukapuma. Kukapuma! Pamdadada pathu munthu akati ali paulendo wautali ndiye kuti akupita ku Katete kumaliro, ndipo amabwerako ali ndi ngongole. Posakhalitsa tinamva za ena amene anabwera nayo kuchokera ku Pakistan, mitima n'kukhalanso pansi. A landilodi, amene amadziwa zonse kupatula tsiku lokonza denga, anatseka nkhani ponena kuti kachilomboka kakatsika ndege kadzakhotera ku Kabulonga, pakuti msewu wa kwathu ngakhale oyendetsa taxi amaukana mvula ikagwa.

Ine ndinaseka kuposa onse. Ndisanatseke n'pakamwa pomwe, amake ana, akusankha nyemba osandiyang'ana n'komwe, anafunsa kuti, "Nanga inu atate ake, geti limene mumatsegula usiku uliwonse lili ku Chaisa?"

Kunati zii. Aliyense pamdadada amadziwa kuti ndine mlonda ku Kabulonga, kwa bwana amene sakhalitsa pansi. Masutikesi ake m'galimoto ndimatsitsa ndine, ndipo kwa zaka ndakhala ndikudzitama nazo zimenezi, mpaka kuwerengera anthu timapepala ta pabwalo la ndege totsalira pachogwirira. Aneba anayamba kukoka timipando tawo pang'onopang'ono, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi mphika umene anasiya pambaula. Usiku umenewo ndili pageti ndinaganiza mozama, ndipo ndinaona kuti munthu wokayikiridwa akafuna mtendere, njira ndi yakuti wapolisi akhale iyeyo. Kutacha ndinadzisankha kukhala nduna ya zaumoyo ya pamdadada. Panalibe wotsutsa, chifukwa panalibe amene ndinamufunsa.

Korona inatipeza tili otopa kale ndi mantha ena. Mu Febuluwale tinkagona titatseka ming'alu yonse ya mawindo ndi nsanza, poopa opopera mankhwala m'nyumba za anthu, nkhani imene inayambira ku Chingola n'kufika kuno zoona ndi mphekesera zitasakanikirana. Amuna ankalondera usiku ndi zibonga, ndipo m'madera ena magulu olusa anapha anthu chifukwa chongokhala nkhope zachilendo. Pamenepo palibe choseketsa. Koma mwezi umodzi utangodutsa, malangizo akuti tsegulani mawindo mphepo izilowa. Nsanza zimene ndinakhomerera monyadira ndinazizulanso ndekha, amake ana akutola misomali kuti ndisaiwononge kachiwiri.

Za kolera ndiye tili ndi madigiri. Ya 2017 ndi 2018 inadwalitsa anthu oposa 5,000, Heroes Stadium yathu yomweyi ya pamsewu wa Great North inasanduka chipatala, asilikali anasesa ogulitsa malonda m'misewu ya m'tauni, ndipo ku Kanyama anthu analamulidwa kuti usiku asaoneke panja. Koma kolera ali ndi adiresi. Umadziwa kuti ali m'chitsime chosazama chimene chayandikana ndi chimbudzi, umathira klorini, umawiritsa madzi. Uyu watsopanoyu akuti amabwera m'moni. Munthu wa kum'mawa ukamuletsa moni wa m'manja watsala ndi chiyani? Ndinayesa kupatsa mkulu wa mpingo chigongono monga ankaonetsera pa TV, ndipo iwo anabwerera m'mbuyo atakunga chibakera. Lamulo lokhalo limene linatipeza okonzeka ndi lotalikirana ndi apongozi. Limenelo makolo anatisiyira kalekale, ndipo ine ndimalisunga ndi mtima wonse.

Ntchito yoyamba ya unduna wanga inali ndowa ya kampopi, ija imene inamera mwadzidzidzi pakhomo la sitolo iliyonse m'Lusaka. Ndinaiika polowera, sopo pambali pake. A zaumoyo amati tizisamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, pamadzi oyenda, kawirikawiri. Ndi malangizo oona, sopo amaswadi mafuta okuta kachilomboka. Koma amene anawalemba ali ndi mpopi m'nyumba. Kwathu madzi amayenda pamutu pa munthu, m'chigubu cha malita 20, kuchokera pakiyosiki pamene umalipira, utayamba waima pamzere wothinana kuti upeze madzi okuteteza kwa anthu amene wathinana nawowo. Sopo sanafike masana. Ndinaboola wina n'kumumanga ndi chingwe, madzulo ndinapeza chingwe chokha. Kenako chingwe nacho chinasowa, ndipo ndinachiona kuseri chitayanikidwa matewera, ochapidwa bwino ndi madzi a boma langa.

Sanitaiza mtengo wake unali wa kumayadi. Mlamu wanga, amene anabwera kudzafuna ntchito chaka chatha ndipo akuifunabe ali chogona, anati vuto limeneli ndi laling'ono. Anamva kuti mankhwalawo ndi mowa waukali, wosachepera 60 peresenti, ndiye anabwera ndi kabotolo ka kachasu. Ndinamufotokozera mwaunduna kuti mowawo ndi wa m'manja, wa m'mimba suteteza munthu. Iye anati, "Alamu, kachilombo kamakhala pakhosi. Inu mukufuna ndithire pamene mdani palibe?" Titakambirana mpaka botolo litatha, tinalephera kugwirizana, koma tinasiyana mwachikondi chachikulu.

Masukulu atatsekedwa pa 20 Malichi, ana onse anadzaza panyumba, ndipo ndinazindikira kuti aphunzitsi ntchito yawo yaikulu ndi kuiwalitsa ana njala. Mwana amene ali m'kalasi amadya kawiri. Yemweyo ali panyumba amafunsa za nsima akutsuka mbale ya nsima, ufa uli pamtengo woti ambiri tinabwerera ku timapaketi ta pamela. Pofuna kuwapatsa chochita, ndinabwereka tepi kwa kalipentala kuti tiyeze mita imodzi pakati pa munthu ndi mnzake m'chipinda chathu. Masamu anatuluka bwino lomwe: amake ana pabedi, wamng'ono pakona, awiri panja, mlamu kwa aneba, ine pakhomo mwendo umodzi mkati. Malamulo amenewa ali ngati jekete la pasalaula, nsalu yake yabwino ndithu, koma linasokedwera munthu wa thupi lina. Mabanja onse pamdadada timalowa chimbudzi chimodzi, ndipo chitseko chake timachigwira tonse, mwamphamvu, poti chilibe loko.

Ulemu weniweni ndinaulandira m'basi ya ku Mandevu. Ndinali nditafinyidwa pampando wakumbuyo, ndikutafuna chimanga chokazinga, kanjere kena n'kulowera kolakwika. Ndinayesa kudziletsa, misozi ili mbwembwembwe, koma chifuwa chinaphulika. Mayi wina anakuwa, "Tumani foni ku 909!" Basi inaima pamene si pasiteshoni, ndipo anthu amene amakanganira malo tsiku ndi tsiku anatuluka mogwirizana, wina pawindo. Chibadwire ndinali ndisanatambasulepo miyendo m'basi. Ndinali nditangoyamba kukoma nazo pamene kondakitala, atakulunga nkhope m'sikipa yake, anatambasula dzanja ali patali. "Ba mudala, mwanithamangitsila makasitomala. Manje mulipilile mipando yonse."

Pa 25 Malichi Pulezidenti wa panthawiyo Edgar Lungu analankhula ku mtundu wonse. Mabala, malo ovinira usiku, makasino, ma gym ndi nyumba zoonera kanema zitsekedwe, malesitilanti azigulitsa chakudya chonyamula basi, misonkhano, maukwati ndi maliro zisapitirire anthu 50, ndege zochokera kunja zizitera pa Kenneth Kaunda pokha. Mabala a kwathu anamvera, anatseka zitseko zakutsogolo. A Bowman Lusambo, nduna ya chigawo cha Lusaka panthawiyo, atayamba kuyendera malo omwera usiku ndi kuchenjeza za chikwapu, amuna a ku Marapodi anaphunzira chinthu chimene abusa analephera kuwaphunzitsa: kumwa monong'ona. Mpira nawo unali utaima, ndiye panalibe chokanganira.

Monga nduna mnzawo wa a Lusambo, ndinaona kuti ndi udindo wanga kukayendera shabini ya kuseri kwathu tsiku limene sindinali pantchito. Ndinapeza anthu ali mumdima, ali phee, ndipo ndinalandira kapu imodzi yoti ikhale umboni. Ndili mkati mofufuza umboniwo, magetsi a galimoto anawala pawindo, wina n'kunong'ona kuti, "Boma!" Sindikumbukira mmene ndinakwerera mpanda. Ndikukumbukira ngalande imene inali kuseri kwake, ndi patapata wanga amene alimobe. Galimotoyo inali ya makala.

Maliro ndiwo anayesa unduna wanga kotheratu. Kutagwa zovuta kwa aneba a mzere wachiwiri, za matenda ena akale, akuluakulu anati popeza ndimakonda malamulo, ndiime pakhomo ndiziwerenga anthu. Ndinawerenga mokhulupirika. Azimayi a mpingo okha anadya theka la nambala. Nditafika pa 50 ndinatambasula mkono, ndipo amene anagunda mkonowo anali nkhalamba ya chipewa ndi kachikwama, itangotsika basi ya ku Petauke: amalume a malemu, mwini mbumba, munthu amene popanda iye bokosi silinyamuka. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mwana iwe, ukuwerenga chiyani? Ng'ombe?" Ndinagwada, ndinawalandira chikwama, ndipo ndinayambiranso pa 1. Kumanda ku Chingwere tinafika tili magulu angapo a anthu 50, onse osunga lamulo.

Kuseka kunachepa pa 2 Epulo, pamene analengeza imfa yoyamba. Pa 15 Epulo boma linatseka tauni ya Kafue kuti liyeze anthu, ndipo aliyense amadziwa kuti ku Kafue sikutera ndege za ku France. Tinayamba kumvera chiwerengero cha tsiku ndi tsiku pa wailesi, malaiti akakhalapo, ndipo dzina la chipatala cha Levy Mwanawasa, kumene ankagoneka odwala, linayamba kutchulidwa motsitsa mawu. A landilodi sanabwerenso pankhani ya pasipoti. Anasamukira ku mandimu, jinja ndi adyo, zimene sizipha kachilomboka koma zimathamangitsadi anthu kupitirira mita imodzi. Mtengo wawo wa mandimu, umene ana ankagenda mwaufulu, tsopano uli ndi mitengo ya malonda, ndipo alendi sitichotseredwa.

Pali lamulo limodzi limene ngakhale ine, ndi ukali wanga wonse, ndinalephera kulitchula kawiri. Ndinauza amayi a chitseko chomaliza, amene amadzuka usikusiku kukapikula tomato kumsika wa Soweto, kuti a zaumoyo akuti tizikhala panyumba. Anatula dengu pansi. "Chabwino, a nduna. Ine ndi ana anga tibwere nthawi yanji kudzadya kwanu?" Ku South Africa anatsekera anthu m'nyumba kuyambira pa 27 Malichi. Ku Malawi boma litalengeza masiku 21 otero, ogulitsa m'misika anatuluka m'misewu, ndipo pa 17 Epulo khoti lalikulu linaimitsa lamulolo. Kuno Lusaka sanamutseke, ndipo amene ankadandaula nazo ndinkawamva kwambiri kutsidya, kumene firiji imatseka movutikira. Mayi uja amaopa matendawa kuposa ine, ndowa yanga saidutsa osasamba, koma chakudya cha mawa chili ku Soweto.

Lamulo la masiki litabwera mu Epulo, matelala a m'komboni anaona chaka chawo. Yanga inasokedwa ndi chitenje chakale cha amake ana, cha pamsonkhano wa ndale, ndipo telala anadula mwanzeru moti pamphuno panga pali diso limodzi la mtsogoleri koma palibe angadziwe chipani. Ambiri tinkaivala pachibwano, kuteteza ndevu, n'kuikweza tikaona yunifolomu. Ku ntchito bwana anandipatsa kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, kuti ndiziloza pamphumi pa aliyense wolowa. Ndinalozapo anthu a mataye amene kale sankandiyankha moni. Ndikanakhala ndi mphamvu, kamfutiko sakanadzakachotsa.

Pa 8 Meyi apulezidenti anatsegulanso malesitilanti, makasino, ma gym ndi nyumba za kanema, koma mabala ayi, ndipo a m'makalasi a mayeso anauzidwa kuti abwerera pa 1 Juni. Patangopita masiku ochepa chipata cha Nakonde chinatsekedwa odwala atachuluka kumeneko. Mlamu wanga, amene wakhala akutigonthetsa m'kutu kuti anapitako kukapikula mafoni ndipo anaiona Tanzania ndi maso ake, tsopano akuti kunali ku Kapiri Mposhi.

Sabata yomweyo pamdadada panachitika kusintha kwa nduna. Azimayi anakhala pansi popanda kundiitana. Amake ana anasungunula sopo waufa m'botolo la madzi, n'kuboola chitsekerero ndi msomali umodzi mwa ija anatola, ndipo mpaka lero palibe amene waba, poti madzi a thovu sungawabise m'thumba. Anagawanso masiku: chitseko chilichonse chili ndi tsiku lake lodzaza ndowa. Zinayenda tsiku lomwelo, popanda tepi, popanda chilengezo. Nditafunsa kuti nanga ine udindo wanga ndi uti m'boma latsopanoli, anandiloza zigubu ziwiri zimene zinali pakhomo.

"Mwamva kuti ma gym atsegula, atate ake. Fulumirani, pakiyosiki atseka 18 koloko."