Ulemu kwa a Calcium Silicate, Fumbi Lomwa Madzi

Pa mwambo wotsegulira sukulu kapena mlatho, oyamikiridwa timawadziwa: nduna, mfumu ya deralo, opereka thandizo, mwinanso amayi amene aphika. Riboni ikadulidwa onse amathamangira ku mpunga, ndipo amene agwira makoma kuti asagwere alendo satchulidwa n'komwe. Lero ndati ndiwaombere m'manja. Dzina lawo ndi a Calcium Silicate. Ngati simunalimvepo musadandaule, mwina pamene mukuwerengera pano mwawaponda pamsana.

Kubadwa kwawo si kwa masewera. Bambo wawo ndi mwala wa laimu, uja timapangira njereza, mayi wawo ndi dongo. Awiriwa sakwatitsidwa ndi ankhoswe wamba. Amawapera, n'kuwaponya mu ng'anjo yaitali yozungulira, m'moto wofika madigiri 1,450. M'menemo mumatuluka timibulu totuwa totchedwa clinker, ndipo magawo oposa awiri mwa atatu a timibuluto ndi iwowa. Atipere pamodzi ndi gypsum pang'ono, atithire m'thumba la makilogalamu 50, basi, ndiyo simenti imene imatisowetsa tulo. Joseph Aspdin, mmisiri womanga wa ku Leeds ku England, analembetsa simenti ya Portland mu 1824, koma moto wake unali wofooka. Mwana wake William ndiye anausonkhezera m'zaka za m'ma 1840, ndipo mfumu yathu inayamba kutuluka ndi mphamvu zake zonse. Kuno kwathu miyala yake inakumbidwa kwa zaka zambiri ku Changalume, pafupi ndi Zomba, ndipo lero ikukumbidwa ku Kasungu ndi ku Njereza m'boma la Mangochi.

M'thumbamo amakhala pawiri, mkulu ndi mng'ono. Wina, alite, ndi wapupuluma: akangolawa madzi amayamba ntchito, ndipo mphamvu ya masiku oyambirira ndi yake. Mnzake, belite, amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amabwera pambuyo, kuwonjezera kulimba kwa milungu ndi miyezi, mwini nyumba ataiwala kale. Manambala aja a pathumba, 32.5 kapena 42.5, amanena mphamvu imene simentiyo iyenera kufika pakatha masiku 28. Ndi angati mwa ife angalembe lonjezo pachifuwa, n'kuikapo ndi tsiku lomwe?

Koma chimene ndikuwatamandira kwambiri ndi kamwedwe. Timakonda kunena kuti simenti yauma, ndipo kutero n'kuwanamizira. Iwo sataya madzi, amawamwa n'kuwasandutsa thupi lawo. Fumbi lililonse limamera timinga ting'onoting'ono timene timalukana ndi ta linzake, kugwira mchenga ndi miyala mpaka zonse zikhale chinthu chimodzi. N'chifukwa chake mmisiri amakuuzani kuti muzithirira konkire m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ndipo mumapezeka mukusenza ndowa ngati muli ndi dimba, dimba losabala ngakhale tsamba limodzi la mpiru. Mukaleka msanga, dzuwa limawalanda madzi asanakhute, ndipo pansi panu padzakhala pofumbutuka moyo wonse. Ngakhale pansi pa mtsinje amalimba. Simenti ya ku Chilanga, kufupi ndi Lusaka, inathandiza kumanga khoma la Kariba limene linatha mu 1959, ndipo mpaka lero likutsekereza Zambezi. Akamamwa amatenthanso thupi. Pomanga damu la Hoover ku America m'zaka za m'ma 1930, akatswiri anawerengera kuti konkire yake ikathiridwa nthawi imodzi idzatenga zaka zoposa 100 kuti izizire, choncho anayalamo mapaipi oyendetsa madzi ozizira. Mlevi wina aliyense amamwa kuti agwe. Awa okha ndiwo amamwa kuti aime.

Tsankho alibe. Taganizani za munthu wa malipiro ochepa amene amagula thumba limodzi mwezi ukatha, n'kumaunjika pakona kudikira kuti akwane. Matumbawo wawagoneka pansi penipeni, mvula yayamba, chinyezi chalowa. A Calcium Silicate safunsa ngati mmisiri wafika kapena maziko akumbidwa. Amva madzi, ayamba ntchito. Tsiku lomanga likakwana, mwini wake amapeza zimiyala zooneka bwino, zokhala ndi makwinya a pepala lomwe. Ena amati ndi nkhanza. Ine ndimati ndi khama, ndipo banjalo lapezapo pokhalira alendo pakhonde, pa mtengo umene palibe kalipentala angayerekeze kutchula.

Ndi mboni yokhulupirikanso. Mmisiri akazembetsa matumba awiri n'kuchulukitsa mchenga, kapena akathira madzi ochuluka kuti matope azifewa pafosholo, iwo sakangana naye. Amakhala duu, pulasitala n'kusalala, penti n'kupakidwa, ndalama n'kulandiridwa. Mvula ikagwa kawiri katatu ndi pamene amapereka umboni, ndipo amaulemba pakhoma ndi ming'alu yoti aliyense wodutsa pamsewu awerenge. Vuto lake n'lakuti pofika nthawiyo nambala ya mmisiri uja imakhala itasiya kupezeka.

Pali mlandu umodzi umene adani awo amaukonda: amadya manja. N'zoona. Akamamwa madzi amatulutsa laimu waukali, ndipo konkire yaiwisi imafika pH yoposa 12. Mnyamata waganyu amene amaponda matope a simenti atakulunga mapazi m'majumbo amadziwa zimenezi bwino kuposa injiniya. Poyamba samva kanthu, madzulo khungu layera ndi kung'ambika, nthawi zina mpaka zilonda. Koma tamverani nzeru zake. Ukali womwewo ndi umene umateteza zitsulo za m'kati mwa konkire kuti zisachite dzimbiri kwa zaka makumimakumi. Amasamala chitsulo, amadya khungu. Apa sanachite chachilendo, angotengera khalidwe la olemba ganyu ambiri, amene amawerenga zitsulo madzulo aliwonse koma sanagulepo magolovesi kapena majombo ngakhale peyala imodzi.

Musaganize kuti amangokhalira kumanga. Abale awo ena ndi oyera mbee, ndipo mukatembenuza paketi ya mchere wina wa patebulo mudzawapeza atabisala pa nambala ya E552. Kumeneko amamwanso madzi, koma ndi cholinga chosiyana: amayamwa chinyezi kuti mchere usagwirane zibuma. Pakhoma ntchito yawo ndi kulunzanitsa, m'khitchini ndi kulekanitsa, ndipo konseko amalipidwa. Wandale aliyense akanasirira. M'mafakitale amawaumba kukhala zofunda za mapaipi a nthunzi, kumene amapirira kutentha kwa madigiri 650, ndiponso matabwa osagwira moto amene analowa m'malo mwa asbestos, uja anapezeka kuti amayambitsa khansa. Ngakhale zinyalala zotsala posungunula miyala m'ng'anjo za m'mafakitale, momwenso iwo ali, alimi a mpunga ku Japan ndi a nzimbe ku Florida amazimwaza m'minda kuti mapesi alimbe. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, madokotala a mano amamata mizu ya dzino ndi mankhwala otchedwa MTA, amene kwenikweni ndi simenti ya Portland yoyeretsedwa. Chimene chimalimba m'chinyezi, m'kamwa chafika kwawo.

Mfumu yaikulu imadya zambiri, ndipo iyi imadya malasha ndi mapiri. Dziko lonse limapanga matani pafupifupi 4 biliyoni a simenti pachaka, ndipo mpweya wa carbon dioxide wochokera kumeneko ndi pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a umene anthu amatulutsa. Wina umachokera ku moto, koma wochuluka umatuluka m'mwala wa laimu weniweniwo ukamapsa, choncho ngakhale mutapeza moto wopanda utsi ngongoleyo siitha. Mu 2018 boma la Malawi linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo mabuloko a simenti anadzaza m'mbali mwa misewu. Kaya mitengo inapumako kapena ayi, utsi unangosamukira kumene sitikuuona. Walira mvula walira matope.

Ndipo sakutayani pa mapeto. Anzanu a kuntchito adzabalalika maliro akatha, a kumpingo adzaimba n'kubwerera, koma pakapita chaka kapena ziwiri abale adzakhala pansi kukambirana za chiliza. Woyamba kutchulidwa pa msonkhanowo adzakhala iwowa: matumba angati, agula ndani, asungidwa kwa yani kuti asanyowe. Malume a ku tauni adzalonjeza asanu, adzatumiza awiri, ndipo mkangano umene udzayambire pamenepo udzalimbanso kwa zaka zambiri popanda wouthirira.