Mano a Nyama, Thumba la Bonongwe

Aphunzitsi a masiku ano anatulukira njira yolangira makolo popanda kugwira mkwapulo. Amangomupatsa mwana homuweki n'kumuuza kuti akamuthandize bambo ake. Basi. Iwe ukufika pakhomo miyendo ili lendee, wayenda wapansi kuchokera m'tauni chifukwa ndalama ya minibasi wagulira makala, n'kupeza kope latsegulidwa kale pamkeka likukudikira.

Sabata yathayi mzime wanga, wa Sitandade 3, anabwera ndi ntchito yakuti agawe zinyama m'magulu atatu: zodya udzu ndi masamba, zodya nyama zinzake, ndi zodya zonse, kenaka afotokoze mmene mano a gulu lililonse alili. Mtima wanga unakhala pansi. Masamu a mwanayu anandisiya kalekale pa kugawa kwa manambala aatali, koma zinyama? Ine amene ndinakulira kubusa? Ndinauza amake kuti aitanenso ana a nyumba zoyandikana nafe, pakuti nzeru zotere si zothera m'banja limodzi.

Ana atakhala bwalo pakhonde, ndinakonza kukhosi n'kuyamba. Nyama yodya inzake, ndinatero, imakhala ndi mano osongoka obayira ndi kung'ambira. Mkango uli ndi mano 30, mphaka amene amaba usipa wathu uja alinso ndi 30, galu ali ndi 42. Yodya udzu ili ndi mano ophwatalala, ntchito yake kupera. Munthu, nkhumba ndi nyani amadya chilichonse chimene chawapeza, n'chifukwa chake ali ndi mitundu yonse: akutsogolo odulira, osongoka m'mbali, ndi akumbuyo otafunira. Ana anali chete, maso ali pa ine. Amake anasiya kupeta mpunga wa eni ake n'kundiyang'ana mwaulemu umene ndinauona komaliza tsiku la chinkhoswe.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati phunziro labwino limafuna kuona ndi maso.

Kuseri kwa nyumba kumamangiriridwa mbuzi ya alandilodi. Ndinaikumbatira khosi, ana atatu anagwira miyendo, ndipo titalimbana kwa kanthawi, malaya anga atang'ambika m'khwapa, mbuzi inayasamula. Pansi mano ali mbee, ondondozana bwino. Pamwamba, chakutsogolo, psiti! Palibe ngakhale limodzi, nkhama zokhazokha. Thukuta linandituluka. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti mano a mbuzi amalipiritsa ndalama zingati limodzi, poti lendi ya mwezi watha ndinali ndisanamalize, ndipo mboni zoti ndine ndawagulula zinali zitandizungulira. Ndinauza ana kuti ayang'ane pansi mwina agwera m'fumbi.

Agogo a pakhomopo, mayi awo a alandilodi, anatipeza tikukwawa. Atamva chimene tinkafuna anaseka mpaka kukhala pansi. "Bambo inu, si paja mumati munakulira kubusa? Mbuzi iti imene inamerapo mano akumwamba kutsogolo? Ng'ombe iti? Nkhosa iti?"

Kubusa ndinapitadi, zimenezo palibe angatsutse. Koma ntchito yanga inali yothamangira ng'ombe zikalowera kumunda wa eni ake, ndiye ng'ombe ndimaidziwa bwino chakumchira.

Agogo aja analanda kalasi yanga osapempha. Anaonetsa ana kuti mbuzi ili ndi mano 8 kutsogolo, onse pansi, ndipo pamwamba pali nkhama yolimba imene manowo amapanikizirapo udzu mbuziyo n'kuuthothola. Kumbuyo kuli mano 24 operera, pamwamba ndi pansi. Onse pamodzi 32, chimodzimodzi munthu wamkulu. Imameza msanga, kenaka ikagona pamthunzi imabweza chakudyacho n'kumabzikula pang'onopang'ono, chifukwa mimba yake ili ndi zigawo zinayi. Anawauzanso chifukwa chimene ogula ziweto kumsika amayambira kuyasamulitsa mbuzi asanakambe mtengo: ikapitirira chaka chimodzi mano awiri apakati amagwa n'kumera akuluakulu, ndipo pofika zaka zinayi onse 8 amakhala atasintha. Wogulitsa akhoza kulumbira kuti ndi kamsoti, koma m'kamwa simunama. Ine ndinkangogwedeza mutu kuti ana aganize kuti agogo akubwereza zimene ndinawaphunzitsa.

Titabwerera pakhonde ndinafuna kubweza ulemu wanga, koma ana anali atalawa kale magazi. Kamnyamata kena, ka bambo wina woyendetsa lole, kanakweza dzanja. Kanati kanaona mvuu ku Liwonde itayasamula, mano ake aatali kuposa a mkango. Ndiye mvuu imadya nyama yanji?

Mvuu ndinaionapo nanenso, pa baraji ya ku Liwonde komweko, ndili pawindo la basi, makutu okha ali pamwamba pa madzi a Shire. Koma zoona zake n'zakuti chinyama chimenechi chimaphwanya lamulo langa lonse. Mano ake osongoka amatha kutalika mpaka theka la mita, komabe usiku chimatuluka m'madzi kukadya udzu, ndipo udzuwo chimathothola ndi milomo. Mano aakulu aja ndi a ndewu basi. Ndinawauza ana kuti m'mudzi uliwonse mumakhala munthu woyenda ndi chikwanje chachikulu koma kumunda osaonekako, ndipo mvuu ndi yotero.

Njovu nayo sinandithandize. Minyanga ija ndi mano, akutsogolo akumwamba, omwe aja mbuzi ilibe, ndipo mwini wake sadya ngakhale chiwala. Amadya udzu, masamba, makungwa ndi zipatso, mpaka makilogalamu 150 pa tsiku. Pamene zinandikhudza mtima ndi pa mano ake akumbuyo. Njovu imapatsidwa mano operera kasanu ndi kamodzi pa moyo wake. Akale akaperepeseka, atsopano amabwera kuchokera kumbuyo n'kuwakankhira kutsogolo mpaka agwe. Omaliza akatha, njovu ili ndi zaka za m'ma 60, imalephera kutafuna ndipo njala ndiyo imaimaliza. Ife anthu tinapatsidwa kawiri kokha, 20 a ubwana ndi 32 a ukulu, ndipo ukawononga achiwiriwo palibe kodandaula. Ng'ona ndiye inachita kukonderedwa: dzino likagwa limamera lina moyo wake wonse, chonsecho siitafuna n'komwe, imangong'amba n'kumeza. Ndipo musaiwale kuti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota pa malole, osalipira ngakhale tambala. Mano kasanu ndi kamodzi, thiransipoti yaulere. Ine pobwera m'nyumba ino katundu ndinasenza pamutu.

Za khoswe sindinachedwepo. Mano ake akutsogolo saleka kukula, choncho ayenera kumangoteketa kanthu kuti asatalike. Ana onse anali ndi umboni kwawo, ine wanga ndi satifiketi ya JCE imene inatsala ngodya zitatu.

Pa fisi ndinayambanso kumveka ngati mphunzitsi. Nsagwada zake zimaphwanya mafupa amene mkango wawalephera, ndipo amameza ndi mafupa omwe, n'chifukwa chake ndowe zake zikauma zimayera mbuu. Mzime wanga anaganiza pang'ono n'kunena mokweza kuti, "Ndiye kuti adadi ndi fisi, chifukwa iwonso fupa salisiya m'mbale." Amake anathawira m'nyumba atagwira pakamwa. Ndinamuchenjeza mwanayo kuti mawu amenewo asakayerekeze kuwabwereza kusukulu kapena kutchalitchi. Akuluakulu mukudziwa chifukwa chake.

Kenaka kamtsikana kena kanafunsa za nkhuku. Ilibe dzino ngakhale limodzi, nanga chimanga chouma chija imachitafuna bwanji? Apa ndinayankha mwachangu, poti chiwalo chimenechi ndine katswiri wake. Nkhuku imatola timiyala n'kumeza, timiyalato timakakhala mu nthutumba, ndipo nthutumbayo, imene ndi mnofu wolimba, imapera chimanga pamodzi ndi timiyala tija. Mano a nkhuku ali m'mimba. Ana anazizwa. Wanga uja anati, "Ndiye nthutumba imene amati ndi ya abambo okha ija, mumakhala mukudya chigayo cha nkhuku?" Ndinavomera monyadira kuti mwambo ndi umenewo.

"Nanga tinadya liti nkhuku, adadi?"

Pakhonde panagwa chete. Ndinati funso limenelo silili mu homuweki.

Koma mwana wa Sitandade 3 akagwira mfundo sataya. Anati aphunzitsi anawauza kuti ukafuna kudziwa chimene nyama imadya, uyang'ane m'kamwa mwake. Anandipempha kuti ndiyasamule. Ndinakana. Anzake anayamba kuimba m'manja. Ndinayasamula. Anawerenga mokweza onse pamodzi, chala cha mwana wa eni ake chili m'kamwa mwanga, n'kupeza 28. Awiri ndinawasiya kuchipatala, limodzi pa nzimbe, limodzi pa botolo limene ndinkafuna kuonetsa anthu paukwati kuti chotsegulira n'chosafunika. Koma osongoka aja anawapeza onse anayi ali gwa, athanzi, osagwedera.

"Mano ong'ambira nyama muli nawo," anatero mwanayo, pensulo ili m'manja. "Nanga bwanji Lolemba tinadya bonongwe, Lachiwiri nkhwani, Lachitatu chisoso, dzulo mpiru?"

Ndinamukumbutsa kuti Lamlungu tinadya nyama ya soya. Amake anayankhira m'nyumba kuti soya ndi nyemba, ndisasokoneze mwana.

Ndinayesa kufotokoza kuti mano amangonena zimene nyama ingathe kudya, koma chimene idye lero chimalamulidwa ndi zina. Mkango umalamulidwa ndi liwiro la mbawala, ine ndimalamulidwa ndi mtengo wa kilogalamu ya nyama kubutchala. Mwanayo anamvetsera mwaulemu, n'kuwerama pakope. M'mawa ndikusaina ndinapeza kuti pa gulu la zodya zonse walemba nkhumba ndi nyani. Pa gulu la zodya udzu ndi masamba walemba mbuzi, ng'ombe, mvuu, njovu, ndi banja lathu. Aphunzitsi anachonga zonse ndi bolopeni yofiira, mpaka banja lathu lomwe, n'kulemba m'munsi kuti wakhoza bwino kwambiri. Sindikuwaimba mlandu. Nawonso amalandira kamodzi pamwezi.

Kwa akuluakulu olemba mabuku a sukulu, pempho langa ndi lakuti magulu atatu aja ndi osakwanira. Onjezanipo lachinayi, la zolengedwa zokhala ndi mano a nyama koma zodya masamba kuyambira Januwale mpaka pa 24 Disembala. Mamembala tilipo ambiri, ndipo chithunzi cha m'bukumo ndikhoza kujambulitsa ine pamtengo wabwino.

Ndipo inu owerenga, ngati pali wina akupha mbuzi mwezi uno, kaya ndi chinkhoswe kaya sadaka, tumizani uthenga kudzera kwa akonzi a nyuzipepala ino. Ana aja sanaonetsetse bwino mano akumbuyo, poti mbuzi yamoyo siilola. Tibwera ndi makope athu kudzaphunzira pa mutuwo, ndipo mbale tibweretsa tokha.