Za Nthawi Yoyenera Kusintha Ma Driver a Kompyuta, Monga Nkhaniyi Imaonekera ku Kafue

Driver ndi kapulogalamu kamene kamaima pakati pa Windows ndi chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta, kaya ndi printa, sipika, kamera kapena kachitsulo kokoka Wi-Fi, ndipo ntchito yake ndi kutenga lamulo la mwini kompyuta n'kulipereka m'njira imene chipangizocho chingamve. Amene anapempherapo m'tchalitchi cha ku Kafue, momwe mlaliki amalalikira m'Chingerezi pambali pake pataima womasulira wa Chinyanja kapena Chitonga, savutika kuimva nkhaniyi, pakuti amadziwa kuti uthenga wabwino ungafike kwa anthu uli wopindika ngati womasulirayo sanagone bwino, ndiponso kuti mpingo wanzeru susintha womasulira ulaliki uli mkati. Makampani opanga zipangizo, monga Intel, AMD ndi NVIDIA, amatulutsa ma driver atsopano kawirikawiri, pena pokonza cholakwika chimene ogula adandaula nacho, pena potseka mpata umene akuba a pa intaneti angalowerepo, pena pongofuna kuti masewera atsopano a pa kompyuta aziyenda mosadodoma. Chimene chimatsalira munthu wamba ndi kudziwa nthawi yolandirira zatsopanozo, ndipo funso limeneli lasowetsa tulo mlembi wa danga lino kuposa lendi ya nyumba.

Odziwa za makompyuta anagawikana pawiri pa nkhaniyi, ndipo mbali iliyonse ili ndi tsoka limene imaloza ngati umboni. Mbali yoyamba imati chatsopano chilandiridwe tsiku lomwelo, ndipo imakumbutsa za May 2017, pamene pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpata umene pulogalamuyo inalowerapo mu March chaka chomwecho, koma anthu ambiri anazengereza kuchiika. Mbali yachiwiri imati munthu adikire kuti anzake alawe kaye, ndipo imakumbutsa za pa 19 July 2024, pamene kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake yachitetezo, imene mbali yake ina imagwira ntchito ngati driver mkatikati mwa Windows, mwakuti makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anangoonetsa sikirini ya buluu, ndege zambiri n'kulephera kunyamuka. Pakati pa mbali ziwirizi pali lamulo limene amisiri ambiri amagwirizana nalo, lakuti zotseka mipata ya akuba zisachedwetsedwe, koma driver wa chipangizo chimene chikugwira ntchito bwino asiyidwe, pokhapokha chipangizocho chitayamba kuvuta kapena wopanga atachenjeza za ngozi, ndiponso kuti driver atengedwe ku Windows Update kapena pa tsamba la wopanga chipangizocho, osati kwina kulikonse.

Mlembi amalidziwa lamuloli pamtima, ndipo amaliphunzitsa kwaulere m'minibasi pa ulendo wa makilomita pafupifupi 45 wochoka ku Kafue kupita ku Lusaka, kwa anthu amene sanamufunse ndipo alibe kothawira. Chimene salankhula m'minibasimo n'chakuti iye mwini amagwiritsa ntchito umboni wa mbali zonse ziwiri molingana ndi mmene wadzukira: zala zikamamuyabwa amakumbukira 2017, ulesi ukamugwira amakumbukira 2024. Zida zake ndi laputopu ya salaula imene inagwira kale ntchito kudziko lina isanafike ku Zambia, yomwe batire lake linafa kalekale moti chaja ikangosunthika pang'ono makinawo amazima, komanso printa imene ndi yamkulu kuposa mwana wake wachisamba. Ndi zimenezi amalembera anansi makalata ofunsira ntchito ku fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ku fakitale ya zitsulo, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, ndiponso makalata opempha kuti sukulu idikire fizi. Anthu a m'komboni amamuitana kuti a injiniya, dzina limene sanalipemphe, ngakhale kuti sanamvekepo akulikana.

Mabuku olembedwa ku America amaiwala kunena kuti nthawi yosinthira driver imadalira magetsi, chifukwa olembawo saganiza n'komwe kuti magetsi angathe kuzima ntchito ili mkati. Tawuni ya Kafue ili m'mbali mwa mtsinje umene umayendetsa makina a magetsi a Kafue Gorge Upper, a mphamvu ya ma megawati 990, ndi a Kafue Gorge Lower, a ma megawati 750, amene anamalizidwa mu 2023, kotero mlendo angaganize kuti anthu a kuno amawala usana ndi usiku. Koma mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi m'madamu a Kariba ndi Itezhi-Tezhi, mpaka Purezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka, kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa magetsi kwa maola 17 kapena kupitirira pa tsiku, ndipo maola ochepa otsalawo nthawi zambiri ankafika pakati pa usiku. Maola amenewo anali ndi eni ake ambiri, pakuti ayironi, firiji, mafoni a banja lonse ndi a anansi opanda soketi yabwino zonse zinali pa mzere, ndipo munthu wofuna kusintha driver wa sipika imene ikulira kale bwinobwino sankamvedwa ndi wina aliyense. Driver wamba akadukizidwa pakati, kawirikawiri kompyuta imadzuka ndithu ndipo ntchito imangobwerezedwa. Zoopsa zili pa BIOS, pulogalamu yokhala m'kachipangizo ka pa bolodi lalikulu la kompyuta imene imadzutsa makinawo Windows isanayambe, chifukwa magetsi akazima BIOS ikulembedwanso, kompyuta yakale ingathe osadzukanso mpaka itapita kwa mmisiri wa ku Lusaka. Ichi chokha ndicho mlembi sanayesepo kuchikhudza, ndipo mbiri isamunamizire nzeru pa ichi, chifukwa chimene chinamuletsa ndi mantha basi.

Pambuyo pa magetsi pamabwera bandulo, imene ndi muyeso wa intaneti umene munthu amagula pa foni ku Airtel, MTN kapena Zamtel. Driver wa zithunzi wochokera ku makampani akuluakulu amalemera ma megabayiti mazanamazana, ndipo Microsoft, kuyambira mu 2003, imatulutsa zokonza zake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, pa nthawi imene ku America kuli m'mawa koma ku Kafue kuli madzulo, banja likudya nsima ndipo laputopu italumikizidwa mwakachetechete ku foni ya amayi a kunyumba. Mu Windows muli batani lotchedwa metered connection, limene limauza kompyuta kuti intaneti ya panyumbapo ndi yogula moyeza, choncho isamakoke zinthu zazikulu popanda chilolezo. Mlembi analizindikira batanili mochedwa, pambuyo pa funso limene mkazi wake anamufunsa modekha kwambiri, lakuti, "Abambo, bandulo ndinagula dzulo ija yapita kuti?" Yankho lakuti yapita kukakonza maonekedwe a masewera amene m'nyumbamo mulibe amene amasewera silinathandize mlandu.

Chikhalidwe cha munthu ameneyu chimaoneka bwino usiku wotsogolera ntchito yaikulu, ndipo chitsanzo chimodzi chikwanira. Mlamu wake anali atamusiyira ntchito yosindikiza mapulogalamu a ukwati wa Loweruka, mapepala a mtundu wa kirimu atagulidwa kale, mayina a akwati ndi a ankhoswe atalembedwa ndi kuwerengedwa mobwereza, printa nayo ikugwira ntchito monga mwa masiku onse. Munthu wina aliyense akanadina batani losindikiza n'kukagona. Koma mlembi, poona kuti magetsi alipo ndipo nyumba yakhala chete, anakumbukira pulogalamu ina imene anaitola pa tsamba losadziwika la pa intaneti, ya mtundu uja umene umalonjeza kufufuza ma driver onse akale n'kuwasintha nthawi imodzi. Mapulogalamu otere amakhalira kuopseza: amaonetsa mndandanda wautali wa zilembo zofiira, kunena kuti kompyuta ili pangozi yaikulu, ndipo ambiri amamaliza ndi kupempha ndalama kapena kulowetsa zinthu zina zimene mwini sanaziitane. Anadina. Kachingwe kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto, kompyuta inazima n'kuyakanso, ndipo printa itauzidwa kusindikiza, inameza pepala la kirimu n'kulavula mzere umodzi wa zizindikiro zachilendo, nkhope zomwetulira, mitima ndi timabokosi, kenako inameza lina, ndi linanso, mwachangu chimene sinaonetsepo chiyambire. Zotere zimachitika printa ikapatsidwa driver wa mtundu wina, chifukwa malamulo amene ikulandira imawayesa mawu oti isindikize.

M'mawa mlamu anafika atavala kale suti, nayang'ana mulu wa mapepalawo kwa nthawi yaitali asananene kuti, "Alamu, kodi ukwatiwu wasinthidwa kukhala wa anthu a dziko liti?" Anaitanidwa mwana wa mlongo wake wa mlembi, mnyamata wa ku sekondale, amene funso lake loyamba, asanapereke n'komwe moni wokwanira, linali lakuti, "Amalume, mwakhudzanso chiyani?" Mawu akuti "mwakhudzanso" anapweteka kuposa ena onse, popeza anali oona. Mnyamatayo anachotsa pulogalamu yoopseza ija, nachotsanso printa pa mndandanda wa zipangizo, n'kuibwezera driver wake wakale wa pa CD imene inapezeka m'kabati ya mbale, pansi pa makadi a ku sikelo. Sipika nayo inali itasiya kulira usiku womwewo, ndipo iyo anaichiritsa mu Device Manager, malo amene Windows imasungamo mndandanda wa zipangizo zonse za kompyuta, podina batani la Roll Back Driver, limene limabwezera driver amene analipo poyamba. Anaonetsanso malume ake System Restore, njira yosungira mmene kompyuta ilili lero kuti zikasokonekera mawa munthu abwerere pomwepo, ndipo malumewo anagwedeza mutu ngati munthu wongokumbutsidwa, pakuti anali ataphunzitsapo kale zimenezi m'minibasi. Mapulogalamu a ukwati anasindikizidwa pa mapepala oyera wamba, ndipo ku phwando mlembi anakhazikidwa pafupi ndi khomo.

Chiyambire tsiku limenelo, ulamuliro pa nkhani ya ma driver m'nyumba imeneyi unagawidwa m'njira imene mabuku saidziwa. Amayi a kunyumba anasintha pasiwedi ya intaneti ya pa foni yawo ndipo amailemba okha pa laputopu, mwini wake atatembenukira kukhoma. Mnyamata wa ku sekondale amafunsidwa kaye chilichonse chisanadinidwe, ndipo malipiro ake ndi talk time. Kalendala ya maukwati, ya maliro ndi ya masiku otsekera kulandira makalata a ntchito imaletsa kusintha kulikonse sabata yonse yotsogolera, zimene ku Kafue zikutanthauza pafupifupi chaka chonse. Nayo Microsoft inathandizapo mosadziwa, pakuti pa 14 October 2025 inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo laputopu ya mlembi singalandire Windows 11 chifukwa ilibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, pamene wopanga printa ija anasiya kalekale kuitulutsira ma driver atsopano. Akatswiri amati kompyuta yotere ndi yofunika kusinthidwa yonse, chifukwa mipata yatsopano ya akuba sidzatsekedwanso, ndipo akunena zoona. Mlembi anayamba kusunga ndalama ya laputopu ina m'chitini, koma chitinicho chimadziwikanso ndi wogulitsa makala, ndipo mwezi uno chatsegulidwa kale chifukwa cha yunifomu ya sukulu.