Dipoziti ya madola 15,000, nyumba yake yopanda chitseko

Ndakalambira m'nyumba za lendi ku Ndirande, ndiye landilodi ndimamudziwa ngakhale atavala suti. Boma la America litalengeza mu 2025 kuti Mmalawi wofuna viza yokacheza aziyamba wasiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndidangoti eya, wafika mwini nyumba, akufuna dipoziti. Akuti ukabwerako pa nthawi yake amakubwezera. Landilodi aliyense amatero.

Chondiwawa n'chakuti nyumba ndidali nditaipeza kale. Ili ku Mesa Verde, ku Colorado, kunsi kwa thanthwe m'mbali mwa chigwa chakuya. Amaitcha Cliff Palace. Zipinda pafupifupi 150, ndipo eni ake, makolo a anthu a mtundu wa Pueblo, adasamukamo cha m'ma 1300. Zaka 700 popanda wobwera kudzakweza lendi! Denga ndi thanthwe, silidontha. Mayi a kunyumba adafunsa za madzi. Ndidawauza kuti akuti chilala ndi chimodzi mwa zomwe zidasamutsa eni akewo, koma ife mpopi wouma tidauzolowera.

Kapena titenge nyumba ina ya komweko, Balcony House. Polowa umakwera makwerero a mamita pafupifupi 10, potuluka umakwawa m'kamphako kothina. Landilodi wanga, ndi mimba ijayi, angatsakamiremo mpaka mwezi utatha. Wakatapila naye amachita chizungulire akakwera pampando.

Kulinso kanjira kopita ku Petroglyph Point, komwe anthu amatuluka thukuta kuti akaone manja, nyama ndi mizere yozungulira zogobedwa pathanthwe. Ine landilodi adandidula dipoziti chifukwa mwana adajambula minibasi pakhoma.

Apa pokha sindikuseka. Ku Chongoni, ku Dedza kuno, kuli malo 127 a zojambula za Akafula ndi Achewa, ndipo UNESCO idawavomereza mu 2006. Safuna viza, safuna dola. Koma ena mwa ife tikafikako timatenga khala n'kulemba mayina athu pamwamba pa zimene makolo adajambula. Wochita lendi wotere, nanenso ndingamuitanitse dipoziti.

Tsono mlamu wanga wandiuza kuti mu Cliff Palace saloleza kugonamo. Umagula tikiti, mlonda akuyendetse, kenaka utuluke. Madola onsewo, ngakhale mkeka osayala.