Mfiti ya kompyuta inali m'nyumba momwemo

Mwini danga lino, yemwe mpaka lero amataipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga, ali ndi kompyuta ya patebulo imene anagula yakaunjika ku Limbe. Inabwera ndi RAM ya magigabaiti 4. Akaiyatsa m'mawa ankatha kutereka madzi, kusamba, kumwa tiyi ndi kukangana ndi ana, iyo ikadadziwongolabe.

Mnzake wapabawo ndiye anamutsegula m'maso. Anati hard drive ndi nkhokwe, RAM ndi lichero: chimanga chichuluke bwanji m'nkhokwe, chimene umapeta nthawi imodzi ndi chokwana m'lichero basi. Fanizolo linamulowa mkuluyu, moti malipiro atangotuluka anakwera minibasi ya ku Limbe kukagula lichero la magigabaiti 8.

Mnzakeyo anaiwala kunena kuti malichero ali ndi mitundu. Kompyuta ya mkuluyu imadya DDR3, ya timano 240. Iye analoza DDR4, ya timano 288, pa chifukwa chimene ngakhale mwana wa sitandade 1 angachimve: 4 amaposa 3. Mnyamata wogulitsa anayesa kufunsa. "Madala, makina anuwo ndi amtundu wanji?" Mkuluyu anayankha kuti ndi akuda.

Mitundu iwiriyi ndi yofanana kutalika, koma opanga anaika dala kampata pakati pa timano pamalo osiyana, kuti yolakwika isalowe. Anaganizira anthu onse, kupatula munthu amene anakula akudinda mabelo a fodya. RAM itakana kulowa m'ngalande yoikamo RAM, mkuluyu anaiika chala chachikulu, n'kugwetserapo thupi lonse. Panamveka kuti tswa! Mayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kukhitchini, iye n'kuwauza kuti zipangizo zamakono zimalira choncho.

Mawa lake anabwerera ku Limbe mwakachetechete n'kusinthitsa. Ya DDR3 inalowa yokha ngati phazi mu silipasi, kompyuta n'kulengeza magigabaiti 12. Kwa masiku awiri mkuluyu ankayenda ngati walandira ngongole.

Tsiku lachitatu sikirini inasanduka yabuluu, pakona pali kankhope kokhumudwa kamene Microsoft inayamba kuikapo mu Windows 8 m'chaka cha 2012. Pansi panalembedwa MEMORY_MANAGEMENT. Mawa lake inabwera ndi dzina lina, PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA, ndipo inapita ndi nkhani imene akonzi ankaidikira madzulo omwewo. Matenda a RAM ndi otero: sasankha nthawi, sabwera ndi dzina limodzi. Lero pulogalamu yatseka yokha, mawa fayilo yakana kutseguka, mkuja zonse zili bwino ngati palibe chachitika.

Mkuluyu anatsegula bwalo la milandu. Oyamba kuzengedwa anali ana ndi magemu awo. Kenako magetsi othimathima. Kenako neba wina amene anayang'ana katoni ya RAM nthawi yaitali. Pomaliza chigamulo chinagwera mnyamata wa ku Limbe, ndipo mkuluyu anapita kukamutchula mayina pamaso pa makasitomala, ena mwa mayinawo osayenera kusindikizidwa m'nyuzi yowerengedwa ndi mabanja.

Loweruka kunabwera mphwake, mtsikana amene amakonza makompyuta, atanyamula fulashi yokha. M'fulashimo munali MemTest86, pulogalamu imene Chris Brady analemba mu 1994. Imayamba yokha kompyuta ikangoyaka, Windows isanadzuke, kuti pasakhale wonamizira mnzake. Ntchito yake ili ngati ya mphunzitsi wa dikiteshoni: imalemba 0 ndi 1 m'tizipinda tonse ta RAM, kenako n'kubwerera kudzafunsa chimene inalemba. M'magigabaiti 8 muli tizipinda toposa 68 biliyoni, ndipo kamodzi kokha kakayankha 1 pamene panalembedwa 0, mlandu ulipo. Mayesowo amazungulira kanayi ndipo amadya maola.

Sipanathe mphindi khumi, manambala ofiira anayamba kuwunjikana. Mkuluyu anadumpha. "Waona mphwanga? Ndinanena ine! Mbava!"

"Khalani pansi kaye, amalume. Zofiirazi zikungoti penapake pali vuto. Sizinatchule munthu."

Mtsikanayo anazimitsa makina, kuzula chingwe kukhoma, n'kugwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi obisala m'thupi asapserezere zipangizo. RAM ankaigwira m'mbali mokha, osakhudza timano. Anapemerera fumbi, n'kuona ngati fani ikuzungulira, poti kutentha ndi power supply yofooka nazonso zimatha kunamizira RAM. Kenako anayamba kufunsa mboni imodziimodzi.

RAM yatsopano yokha, m'ngalande yoyamba: maulendo anayi, osalakwa kamodzi. Mkuluyu anati mbava zina zimadziwa kudziletsa pamaso pa apolisi. RAM yakale yokha, m'ngalande yomweyo: yoyera ngati ufa wogayidwa kawiri. Apa n'kuti nsima ya madzulo itadyedwa kale. Ndiye mtsikanayo anatenga yakale ija, imene yatumikira banja zaka zambiri popanda chodandaula, n'kuisamutsira m'ngalande yachiwiri. Zofiira zinabwerera ngati linthumbu.

Anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika m'ngalandemo. Kachotchinga kapulasitiki kolowa m'kampata kaja kanali kong'aluka, ndipo tizitsulo tiwiri toyandikana nako tinali titapindika, tikungokhudza RAM pamene tafunira.

"Amalume, muno munalowapo chiyani?"

Mkuluyu anayang'ana kudenga, n'kunena kuti katundu wakaunjika amabwera ndi mbiri yake. Kukhitchini kunamveka chikhosomo.

"Abambo, m'uzeni mwanayo za tswa uja."

Ngalande yothyoka simatidwa ndi guluu. Mankhwala ake ndi motherboard ina, ndipo bajeti ya mwezi uno inathera pa minibasi za ku Limbe. Choncho kompyuta ikuyenda ndi magigabaiti 8 m'ngalande imodzi, ndipo yatha milungu itatu osaonetsa nkhope yabuluu. RAM yakale, yosalakwa, ili m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo.

Mphwake anatsanzika ndi malangizo awiri: asadzatsegulenso bokosilo yekha, ndipo akapepese kwa mnyamata uja. Loyambalo mkuluyu walisunga bwino lomwe. Lachiwirilo akulikonzekerabe, ndipo pakadali pano akafika ku Limbe amatsikira siteji ya patsogolo n'kuzungulira kuseri kwa msika, atavala chipewa.