Ndege siima pa Lizulu

Anthu a kwa Chiwamba ndege amazidziwa bwino, koma kumimba kokha. Chitsegulireni bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mu 1983, akhala akuziona zikudutsa kumwamba, iwo khasu lili m'manja. Ndiye taganizani gulu la kwaya litapeza mwayi wouluka kupita ku Blantyre.

Mumlengalenga ulendowo sukwana ola limodzi. Kusonkhanitsa gululo ndiye ntchito ya tsiku lathunthu. Wina waiwala chiphaso cha unzika, wina akudikira kabaza, amayi asungichuma akukana kusiyana ndi chikwama chawo pa sikelo. Atcheyamani awerenga anthu kangapo, ndipo nthawi iliyonse nambala ikusintha.

Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti ndege siima pa Lizulu. Wa basi amatsika ku Wenela ali ndi kachewere, kabichi ndi matimati, apongozi n'kumulandira ndi manja awiri. Wa ndege amatuluka pa Chileka ali chimanjamanja, wangonyamula nkhani za mitambo basi. Apongozi amamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga katundu wanu akubwera m'mbuyo?"